Chitini cha Makalata pa Nsanamira

Ku Chikwa kunalibe positi m'zaka zimenezo. Makalata athu ankafikira ku boma ku Chama, m'bokosi la sukulu, ndipo mphunzitsi mmodzi ankapita pa njinga kawiri pamwezi kukawatenga. Poti masana ine ndi mdzukulu wanga tinkakhala kudambo kumpunga, ndinakhomera chitini cha mafuta ophikira pa nsanamira ya khonde kuti mphunzitsiyo aziponyamo makalata athu. Chivindikiro ndinkachimanga ndi waya.

Mdzukuluyo ndinamulera ndekha amake atamwalira. Anali atalembera kusukulu ya unamwino ya kutauni, ndipo anati osankhidwa adzalandira kalata yonena tsiku lokayamba. Ndiyo tinkadikira.

Mvula itayamba ndinaona kuti waya wamangidwa mwina. Ine ndimapotera kumanzere, apa unali wopotera kumanja. M'chitini munalibe kanthu. Sindinauze munthu. Ndinkaganizira mphunzitsi uja, chifukwa naye anali ndi mwana wamkazi wofuna malo omwewo. Ndinkaganiziranso mkazi wa nyumba yoyandikana nafe, amene maso ake sankachoka pakhomo panga. Ngakhale mdzukulu wangayo sindinamuchotsemo, poti panali mwamuna wina amene ankamufuna, ndipo mwina mtima wochoka unali utatha.

Mphunzitsi akandipatsa moni panjira ndinkangoti tili bwino. Kumufunsa ndinkaona ngati kumuchenjeza.

M'malo mwake m'mawa uliwonse ndinkasesa pansi pa nsanamira n'kuwazapo phulusa. Masiku ambiri ndinkapeza mapazi a nkhuku basi. Patapita masabata awiri ndi theka ndinapeza mzere wa njinga, ndipo pamwamba pake nsapato za tayala, phazi lakumanzere lokoka pansi. Pamudzi ponse woyenda choncho anali mmodzi: alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akupichira fodya m'pepala loyera.

"Alamu, pepalalo mwalitenga kuti?"

"M'chitini mwanu muja. Khalani pansi, mwaima ngati wapolisi."

"Mukudziwa kuti amenewo ndi makalata?"

"Nanga si owerenga kale? Ine ndimati ndimo mumatayira. Nyuzipepala manje sizioneka, ndipo makoko a chimanga amandikhosomoletsa. Awa amayaka bwino, makamaka a boma."

"Wowerenga kale amakhala womata? Chitini chotayiramo amachimanga ndi waya?"

"Inu mumamanga chilichonse, alamu. Ngakhale mchere mumaumanga."

Anali osadziwa kuwerenga. Ndinawauza kuti atulutse zonse. M'thumba la jekete munatuluka kalata ya tsikulo, yochokera kwa mng'ono wanga, yong'ambidwa pakona, ndi theka la kalata ina yotayipa. Pathekapo panali dzina la mdzukulu wanga, chidindo, ndi mawu oti wasankhidwa. Mbali yonena tsiku anali atasuta.

Ndinapita kwa mphunzitsi osadzera kunyumba. Anati envulopu ya chidindo anaiponya m'chitini ulendo wapitawo.

"Ambuya, bwanji osandifunsa? Ine ndimati mtsikana akulongedza kale."

Ndinabwerera kunyumba kukauza mdzukulu.

Mdzukulu ananyamuka m'mawa mwake, theka la kalata lili m'Baibulo. Mitsinje inali itadzaza, moti anakhala masiku anayi panjira kudikira madzi aphwe kuti lole iwoloke. Atafika anamuuza kuti anzake anayamba masiku khumi apitawo, ndipo malo ake anapatsa wina. Akuti mayi wa mu ofesi ananunkhiza pepalalo n'kumufunsa ngati amasuta.

Masikuwo ndawawerengera kambirimbiri. Ndikanafunsa tsiku limene ndinaona waya, akanafika anzake asanayambe.

Anabwerera ndi chikwama chake chomwecho. Mphunzitsi anauza mtsikanayo zonse, koma iye sanandifunse kanthu. Alamu anabwera ndi nkhuku yopepesera, ndipo ndinailandira, poti mlandu wa pachibale sitipita nawo kutali. Chaka chotsatira ndinamuuza mtsikana kuti alembenso. Anati, "Ndamva, ambuya," koma fomu sanakatenge. Anakhala nane kudambo zaka zina zitatu.