Tsiku limene ndinalambula maluwa a amayi

Ndikukumbukira bwino chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi chimodzi, kumudzi kwathu kufupi ndi Ludzi. Nyumba yathu inali ya zidina, njerwa zosawotcha, koma yofolera ndi malata amene abambo anagula alimi wamba atangololedwa kulima fodya wa bale. Vuto linali lakuti malatawo anali aafupi. Mvula ikagwa, madzi ankagwera m'tsinde mwenimweni mwa khonde. Abambo anati adzakonza akadzabwera, n'kupita kukagwira ntchito ku esiteti ina ku Zambia.

Amayi sanadikire. Anakazula timaluwa tina toyanga pansi timene timamera m'mbali mwa msewu, ta masamba aubweya ndi timitu tachikasu tozunguliridwa ndi zoyera, n'kutidzala kuzungulira khonde lonse. Dzina lake lenileni sindilidziwa mpaka lero. Ife tinkangoti udzu wa mbira, chifukwa ndi umene tinkadyetsa mbira zathu. Patapita zaka ziwiri, timaluwato tinali titalukana ngati mphasa.

Kwathu kuja, pakhomo pa mkazi waukhondo pankayenera kukhala mbee, mizere ya tsache ikuoneka. Ntchito yosesa inali yanga, ndipo ndinkanyada nayo mopitirira muyeso. Tsiku lina ku mjigo ndinamva a Nabanda, mayi woyandikana nafe, akuuza anzawo kuti, "Mawa mapemphero a mphakati ali kwa a Naphiri. Muvale nsapato anzanga, kumene kuja n'kuthengo." A Naphiri anali amayi anga. Onse anaseka, ine ndinasenza ndowa yosadzaza, manyazi atandigwira.

M'mawa mwake amayi atapita kumsika kwa Kamwendo, ndinatenga khasu. Ndinapala zonse ndi mizu yomwe, n'kusesa, n'kuwaza madzi kuti fumbi ligone. Kunena zoona, panakongola. Ndinakhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Amayi atafika anatula dengu, n'kuzungulira nyumba.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe. A Nabanda amatiseka kuti ndife auve."

"Nanga a Nabandawo amagona m'nyumba muno?"

Sanandimenye. Masana alendo anabwera, ndipo a Nabanda anayamikira kuti pakhomo payera. Amayi anangoti zikomo.

Unali mwezi wa Novembala, ndipo mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo. Madzi a pamalata anakumba ngalande pamene ndinapala paja, khonde n'kuyamba kudyeka. Ndipamene ndinaona ntchito ya timaluwa tija: tinkalandira madziwo n'kugwira dothi kuti lisakokoloke.

Amayi anandipatsa beseni ndi kakhasu, n'kupita nane kumsewu. Anandionetsa kuzula kaduwa ndi dothi lake, kudzala motalikana chikhatho chimodzi, kupsinja nthambi ndi timiyala kuti zigwire pansi, ndi kutchinga ndi minga kuti nkhuku zisapalase. Ndinkadzala ndikaweruka kusukulu, mvula n'kukokolola, ine n'kudzalanso. Tinayesa kuyala miyala, koma madzi ankadutsa pansi pake. Nditatopa ndinafunsa kuti zigwira liti.

"Izi sizidziwa kuti ife tili pachangu," anayankha amayi.

Mu Febuluwale, masana ena tili kumunda, khoma la kuchipinda kwa amayi linagwa. Tinapeza mabulangete ndi thumba lathu lomaliza la chimanga zili m'matope. Tinatola chimangacho ndi manja, n'kuchiyanika pansi pa denga la khitchini, koma chambiri chinachita nkhungu. Ifenso tinasamukira m'khitchini momwemo, n'kumagona ndi fungo la utsi mpaka abambo atabwera mu Juni. Nthawi yonseyo amayi sanandiloze chala ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti kulakwa kwanga kunali kusafunsa. N'zoona, sindinafunse. Koma nditakula n'kuyamba kusunga pakhomo panga ndekha, ndinazindikira china. Amayi ankatunga madzi pa mjigo womwe uja tsiku ndi tsiku, ndipo zonse zimene anzawo ankanena ankazimva. Anasankha kusekedwa kuti ana awo azigona pouma, ndipo anapirira zaka ziwiri osatiuza n'komwe. Ine ndinasekedwa tsiku limodzi lokha, n'kugwetsa nyumba.