Nyengo imene ndinaphunzitsa pusi kujambula

Fungo la khoko la nachesi silichoka msanga m'manja. Ukasenda limodzi m'mawa, timadzi take timakuthamangira m'maso, ndipo zala zimanunkhira mpaka madzulo ngakhale usambe ndi sopo. Kwathu, kuseri kwa Thambani, mwezi wa Juni unkanunkhira choncho paliponse, m'madengu, m'makope a sukulu, m'zitenje za amayi. Kunkazizira koopsa. Chifunga chinkatsika m'mapiri a kumalire n'kukhala pakati pa mitengo mpaka dzuwa litakwera, ndipo mapazi athu ankachita ming'alu yolowa mchenga. Masiku ano ndimagulitsa manachesi omwewo pa Boma, kuthamangira mawindo a maminibasi, ndipo sindiwalawa n'komwe. Koma chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 ndinkawadya mpaka mano kuyayamira.

Abambo anali ndi mitengo yawo kumunsi kwa nyumba, kufupi ndi khwawa. Mitengo imeneyo ndiyo inali feteleza wathu, malata athu ndi yunifolomu yanga. Adani ake anali apusi. Ankatsika m'phiri gulu lonse, ana atakakamira kumimba kwa amayi awo, ndipo sankadya ngati anthu anjala. Ankaluma kamodzi, kutaya, kuthyola lina. Tinayesa malegeni, tinayesa kuimba zitini, tinayesa galu amene anali wamantha kuposa ife. Apusi ankangokwera nthambi yam'mwamba n'kumatiyang'ana ngati tabwera kudzawasangalatsa.

Anthu a kwathu ali ndi njira yawo, ndipo musandiuze kuti ndi nkhanza, ndikudziwa kale. Ukagwira pusi wamoyo sumupha. Umamupaka penti thupi lonse n'kumumasula anzake akuona. Iye amathamangira kwa abale ake, iwo poona chinthu chofiira chikuwadzera amathawa, iye n'kumawatsatira, iwo n'kumathawabe, mpaka gulu lonse lawoloka mapiri. Chaka chimenecho munda umapuma. Za wopakidwayo palibe amene amafunsa.

Wathu anakodwa mumsampha wa abambo manachesi akadali obiriwira. Anali wamng'ono, wosafika pobereka, nkhope yakuda ngati wapaka mwaye, nsidze zoyera. Abambo anati kumumasula nthawi imeneyo n'kutaya penti, chifukwa gulu likanabwerera tisanathyole. Choncho anamumanga m'chiuno ndi chingwe cha khonje pamwendo wa nkhokwe kuti adikire zipatso zipse. Kachitini ka penti wofiira, wotsala pa chitseko, anakaika paphaka la nyumba pomwe aliyense ankakaona. Ine ndinapatsidwa ntchito yomupatsa madzi ndi gaga. Imeneyo ndiyo inali mfundo yopusa ya abambo, kupereka wamndende kwa mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi.

Masiku atatu oyamba ankandionetsa mano. Tsiku lachinayi analandira kachidutswa ka bisiketi ya ku Mozambique, ija timati bolasha, ndipo dzina lake linakhala lomwelo. Zala zake zinali zozizira, zokhala ndi zikhadabo zenizeni ndi timizere ngati ta m'manja mwanga. Pasanathe sabata ankakwera paphewa langa n'kumafunafuna nsabwe m'tsitsi mwanga mosamala kuposa amayi. Ankanunkha ngati bulangete lonyowa. M'mawa wozizira ndinkamupeza atadzipinda pansi pa nkhokwe, ndipo ndinkamufunditsa juzi yanga yakale mpaka belu la sukulu litamveka kutsidya. Tsiku lililonse pochokera kusukulu ndinkayamba ndadutsa kumunda kukaona mtundu wa manachesi. Ndinali mwana yekhayo m'dera lonse wopempherera kuti asapse.

Ndiye kunabwera amalume a Zuze, mchimwene wa amayi, dalaivala wa thiraki. Galimoto yawo inali pachipata cha Mwanza kudikira mapepala, iwo n'kukwera kabaza kudzatizonda. Anabwera ndi shuga, mafuta ophikira, ndi kalendala ya chaka chatha yomwe anati ndikutire makope. Sindinakutire. Mapepala ake anali osalala, onunkhira dizilo wa m'galimoto, ndipo tsamba lililonse linali ndi chithunzi chosaoneka mutu wake, mizere yobiriwira yopingasa, chibulunga chachikasu, zofiira zomwazika ngati nkhuku yapalasa. Pakona pa tsamba lililonse panali kankhope ka nyani wamkulu wakuda, wa makutu ngati a munthu, wina atagwira bulashi.

"Amenewo ndi achimpanzi," anatero amalume, akupukuta zala pa thalauza. "Zithunzizo ajambula okha. Anthu ankawasunga pa unyolo m'mabala kuti aziseketsa oledzera. Ndiye ena anawalanditsa, anawapatsa nkhalango yawoyawo ya mpanda. Kumeneko amadya zipatso, amafunda mabulangete, ali ndi dokotala wawo."

"Nyani dokotala wake?" anatero amayi. "Achimwene, mukadzapitanso mukandilembetse. Nanenso ndimatha kumwaza penti."

Onse anaseka, koma ine mawu amene anandilowa anali a unyolo. Ndinayang'ana kunkhokwe. Ndinafunsa amalume ngati kumeneko angamulandire Bolasha.

"Iwe Edina, kumeneko n'kwa akatswiri," anatero. "Akamajambula ngati awa, ndidzamukweza kutsogolo, pampando wa kondakitala. Ndikubwera pakatha masabata atatu."

Munthu wamkulu amalankhula zotere pakamwa pali chinangwa, n'kuiwala asanafike pamsewu. Ine ndinazitenga ngati pangano la kutchalitchi. Ndinapita kwa abambo, amene ankanola chikwanje pakhonde, n'kuwauza kuti asamupake Bolasha mpaka amalume abwere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kunola.

Sukulu ya Bolasha inayamba mawa lake. Mapepala ndinatola a matumba a simenti kuseri kwa sitolo ina pa Thambani. Wakuda ndinasinja makala, wofiira ndinakumba dothi la pachulu, wobiriwira ndinafinya masamba a maungu, ndipo wabuluu ndinaba m'kabuluu ka amayi kochapira malaya a abambo a Lamulungu. Zonse ndinathira m'zivindikiro za mabotolo. Bulashi ndinatafuna nsonga ya kamtengo mpaka inachita ulusi. Kalendala ndinaikoleka pankhokwe kuti aziona zimene anzake akuchita.

Bolasha anadya bulashi. Anamwa wobiriwira, anagubuduza wakuda, anang'amba mwezi wa Malichi n'kukhala pamwamba pake. Ndinamukalipira mawu onse amene aphunzitsi ankatikalipira nawo, mpaka ndinamuuza kuti adzakhala wowotcha makala. Ndinkamugwira dzanja, kuliviika, kulikokera papepala, iye n'kumandiyang'ana m'maso ngati akufunsa kuti bisiketi ili kuti. Ana a nyumba zoyandikana ankabwera kudzaonerera atakhala pamulu wa njerwa. Ankanditcha ahedi. Sindinasamale. Masana amenewo, dzuwa lofooka lili pamsana, nkhuku zikusamba fumbi, manja anga ndi ake ali mtundu umodzi, ndiwo masana abwino kuposa onse amene ndakhala nawo, ndipo sindikunena mokometsera.

Pamenepo manachesi anapsa. Anayamba a mtengo wa kukhwawa, kenako munda wonse unachita chikasu, nthambi zikugwada mpaka abambo anaziikira mphanda. Apusi anatsika m'mawa ndi madzulo. Pansi pa mitengo panadzaza makoko ndi zipatso zolumidwa kamodzi, zikuwola, mavu akuzungulira. Mavenda a mapikiapu anali atayamba kale kufunsa m'midzi. Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinamva amayi kuseri kwa nyumba.

"Bambo a Edina, munda ukutha uwu. Penti mukumusungira Khirisimasi?"

"Alamu abwere kaye," anatero abambo.

"Achimwene? Mukudikira achimwene? Munthu woti ukwati wake womwe anachedwa?"

Abambo ankadzuka kusanayere bwino, atavala chikhothi chawo chong'ambika m'khwapa, n'kukakhala kumunda ndi legeni mpaka ine nditaweruka. Anayamba kutsokomola. Ine ndinkaona zonsezo, koma mutu wanga unali pa mapepala a simenti.

Sabata yachitatu, Lachinayi, chinthu chinachitika. Ndinali nditatopa, ndangokhala. Bolasha anaviika yekha zala zinayi mu wabuluu, anazikoka papepala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuima. Anayang'ana mizereyo. Anapendeketsa mutu. Kenako anaviika mu wofiira n'kudutsitsa mopingasa, kawiri, osafulumira. Atamaliza ananyambita zala n'kutembenuka. Mukhoza kunena kuti ankangopukuta dzanja, anthu ambiri anena kale. Ine ndinalipo. Ndinaliyanika pepalalo padenga la khola, ndinaliyerekeza ndi miyezi yonse ya pakalendala, ndipo kunena zoona linkaposa Okutobala.

Amalume anabwera mochedwa ndi masiku asanu. Ndinawachingamira kunjira asanatsike n'komwe panjinga, pepala lili m'manja. Anaseka mpaka anagwira phewa la wakabaza. Kenako anaona nkhope yanga, ndipo kuseka kunathera m'njira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, anavula kapusi, anandiuza kuti pachipata salola nyama. Ndinati ndimubisa m'katoni. Anati kumaloko amalandira achimpanzi okha. Ndinati akamuona adzasintha maganizo.

"Mwana wa mlongo wanga, ndikuuze zoona," anatero. "Kumaloko sindikudziwako. Kalendala ija anandipatsa dalaivala mnzanga, ndinkayalira pansi podya. Sindikudziwa ngakhale dziko lake."

Ndinawafunsa chifukwa chake ananama. Mwana safunsa amalume ake funso lotero, koma palibe amene anandidzudzula.

M'mawa mwake chifunga chinali chochindikala, apusi akumveka kale kukhwawa. Abambo anatsitsa kachitini, anakatsegula ndi mpeni, anavundula ndi kamtengo. Atayandikira nkhokwe, Bolasha anakuwa, anawaluma pachala, anazungulira mwendo wa nkhokwe mpaka chingwe chinamukola pakhosi. Amalume anati amuphimbe ndi thumba. Abambo anati thumba limuthyola mkono. Onse awiri anaima, magazi akudontha pachala cha abambo, ndipo palibe amene anandiyang'ana. Ndinapita ndekha. Ndinagwada, ndinatambasula dzanja, iye analumphira pachifuwa panga n'kubisa nkhope m'khwapa mwanga, kamtima kakugunda ngati ka nkhuku.

Ndinamugwira ine. Abambo anapaka ndi kansanza, msana, miyendo, mchira, mofulumira, akusiya nkhope ndi manja. Fungo la penti linandilowa mpaka kukhosi. Bolasha sanalimbane. Anaviika chala mu penti wa pamwendo pake n'kuchiyang'ana, kenako anachipukutira pa diresi langa. Mwina ankaganiza kuti ndi sukulu.

Tinamunyamula mpaka kumalire a munda. Abambo anadula chingwe. Bolasha anakhala kaye pansi, wofiira ngati nyama yosendedwa, kundiyang'ana. Kenako pusi wina analira mumtengo, ndipo iye anatembenuka n'kuthamangira kumeneko ndi liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo. Munda wonse unaphulika. Nthambi zinagwedezeka, manachesi anagwa ngati matalala, gulu lonse linawoloka khwawa likukuwa. Tinaona kadontho kofiira kakukwera phiri pambuyo pawo, kakuima iwo akaima, kakuthamanga iwo akathawa, mpaka chifunga chinakameza. Apusi sanabwerenso chaka chimenecho. Tinathyola sabata yotsatira, madengu ochepa kuposa a chaka chinzake, ndipo mwezi wathunthu sindinawalankhule abambo kupatula kuwayankha moni.

Pa nthawiyo ndinkati abambo ndi munthu wouma mtima. Panopa ndimawerenga masiku aja mwanjira ina. Iwo ankawadziwa alamu awo kuposa ine, ankadziwa kuyambira pakhonde paja kuti palibe pusi wokwera thiraki, komabe anakhala m'chifunga ndi chifuwa masabata onsewo, zipatso zikuwolera pansi, kuti mwana wawo amalize zimene anayamba. Sanandiuzepo zimenezi mpaka anamwalira, ndipo ine sindinawathokoze.

Cholakwa changa chachikulu chinali china. Ndinkaganiza kuti achimpanzi aja anawalanditsa chifukwa ankatha kujambula, kuti ukaonetsa luso, wina amabwera kudzadula chingwe. Ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri, ngakhale za ine mwini. Ndinkakhoza mayeso n'kumayang'ana kunjira, mpaka ndinasiyira Fomu 2 popanda amene anatsika panjinga. Tsopano ndikudziwa kuti zinayenda mosiyana. Anayamba awamasula, anawadyetsa, anawafunditsa, ndipo atakhuta n'kusowa chochita m'pamene wina anawapatsa bulashi. Bolasha anajambula ali pachingwe, m'mimba muli gaga, penti akumudikira paphaka. Sindikudziwa ngati mwa akatswiri khumi ndi awiri a pakalendala aja alipo mmodzi amene akanatha zimenezo.