Tsiku Limene Agogo Anakhala Pansi M'sitolo

Agogo aNangozo ndikawakumbukira, chimayamba kundifika ndi fungo la utsi wa mabasi a pa depoti losakanikirana ndi la chimanga chowotcha, kenako dzanja lawo lokhakhala litagwira langa zolimba ngati ndithawa. Anali mayi a mayi anga, ndipo anachokera ku Ntcheu kudzakhala nafe ku Kawale m'zaka zija zipani zitangoyamba kuchuluka. M'tauni ankadziwa njira imodzi yokha: kutsika ndi msewu wa Malangalanga, kudutsa atelala opalasa makina m'makhonde, mawailesi akulira nyimbo zitatu nthawi imodzi, mavenda akutikoka zitenje, mpaka m'sitolo ya mmwenye wina kumene ankaodira, kuloza chinthu ndi chala, wogulitsa n'kuwatsitsira pa kauntala.

Mayi atabereka mlongo wanga, agogo anati mwana satuluka m'chikuta opanda paudala. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tinanyamuka Lachisanu, ndipo tinafika dzuwa lili paliwombo, amwenye atatseka zitseko zachitsulo kupita ku mzikiti. Ine ndinati tibwerere. Iwo anangoyang'ana tsidya la mlatho, kumene tinali tisanapondeko.

Sitolo ya kumeneko inali ya magalasi, yozizira ngati m'mtsuko, katundu ali m'mizere popanda womulondera. Agogo anaima pakati n'kuwomba m'manja. "Odi kuno!" Zii. Anaodiranso, kachitatunso. Atsikana okhala pa makina pafupi ndi khomo anangoyang'anana n'kubisa kukamwa. Ndiye agogo anatenga kachitini ka paudala okha, n'kukamanga pa nsonga ya chitenje monga ankachitira ndi chilichonse kuti dzanja lisandisiye, ndipo tinalunjika kwa bambo wa yunifolomu pakhomo, chifukwa iwo ankaganiza kuti wovala bwino chotero ndiye mwini sitolo.

Anali mlonda. Anawagwira pamkono.

"Mwabisa chiyani apa, amayi?"

Panja wina anaimba mluzu. Masiku amenewo mluzu m'tauni unkatanthauza chinthu chimodzi, ndipo ine ndinali nditaona kale malo akuda pa phula pafupi ndi depoti, pamene anthu ankati anawotcherapo wakuba ndi tayala. Ndinaona mavenda akusiya katundu wawo, nkhope zikudzaza galasi, wina akufuula kuti, "Mutulutseni timuone, ngakhale nkhalamba zayamba!"

Kunabwera manijala, bambo wachinyamata wa tayi, thukuta lili pamphuno. Anayankhula motsitsa mawu. "Gogo, tiyeni ku ofesi. Tikutulutsirani kumbuyo, anthuwa angakupwetekeni."

Agogo anachotsa dzanja la mlonda pamkono pawo pang'onopang'ono, anakonza duku, n'kukhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo atatambalala ngati ali pa mphasa kwawo. Anandikokera pambali pawo.

"Kumbuyo kumatulukira akuba," anatero mokweza kuti apanja amve. "Ndikatulukira kumeneko, mawa ku Kawale konse adzati aNangozo anaba. Mwanayu adzakula ndi dzina limenelo. Ine ndalowera apa, nditulukira pompano."

"Nanga mwamangiranji katundu m'chitenje?" anafunsa mlonda.

"Ndimangire kuti, m'kamwa? Ndaodira katatu m'nyumba mwanu muno. Kwanu mlendo akaodira mumangomuyang'ana ngati ng'ombe? Ndabwera kwa inu kuti ndilipire, inu mwandigwira."

Panja wina anaseka. Agogo anatembenukira atsikana a pa makina aja, n'kuloza mmodzi. "Iwe mwana wanga wa ndolo, unandimva kapena sunandimve?"

Mtsikanayo anayang'ana manijala, anayang'ana pansi. Kenako anati, "Anaodiradi, abwana. Katatu. Ife tinaseka."

Phokoso la panja linasintha. Amene ankafuula uja anayamba kunena mlonda kuti akugwira agogo ake omwe, amayi wina wogulitsa nthochi anati manyazi awagwire. Manijala anapepesa, anati tingotenga paudalayo tizipita. Agogo anakana. Anadzuka, anasasa chitenje, n'kumuuza kuti, "Zaulere sindifuna, achimwene. Ndionetseni mmene mumagulira kuno, kuti ndisadzagwidwenso."

Ndipo bambo wa tayi uja ananyamula kabasiketi kawaya, kuyenda nawo mzere ndi mzere, iwo akufunsa chilichonse, ichi n'chiyani, nanga ichi amadya kapena amadzola, mpaka pa makina pamene anamasula mfundo ina ya chitenje n'kulipira. Tinatulukira kutsogolo, pakati pa anthu aja, mosafulumira, iwo akupereka moni uku ndi uku.

Tili pamlatho ndi pamene anaima. Anatsamira chitsulo, n'kuyang'ana madzi nthawi yaitali.

"Agogo, simunaope?"

"Ndinatsala pang'ono kudzikodzera," anatero. "Koma ukaopa, usathamange. Khala pansi, uyankhule anthu akumva."

Sabata yotsatira anapitanso ku sitolo yomweyo kukagula machesi, machesi amene ankapezeka pa okala ya pafupi ndi nyumba yathu.

Agogo anatisiya kalekale. Ine tsopano ndili ndi mwana wanga wa miyezi inayi, ndipo akutsokomola, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Kuchipatala andilembera mankhwala amene alibe, akuti ndikagule m'tauni, ku sitolo ya mankhwala ya magalasi, ya mlonda pakhomo. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, zolembedwa pa pepalalo sindikuzimva, ndipo dzulo ndinadutsa pakhomopo kawiri osalowa, ndikuyang'ana nsapato za anthu otuluka, ndikuyang'ana zanga, mpaka ndinabwerera ku Kawale ndi pepala m'manja, mwana akutentha kumsana. Mantha sanandichoke. Koma madzi ndatunga kale, matewera auma, mbereko ili pa mpando. M'mawa ndikalowa, ndikawapatsa pepalalo, ndipo akandiuze kangati pa tsiku, ndi supuni yanji, asanayamwe kapena atayamwa. Akandiyankha m'Chingerezi ndikafunsanso. Akaseka, aseke. Sinditulukamo ndisanamve.