Mwamuna wotsikira panjira

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi chaka chimene bambo anga anabwerako ku Joni. Anachoka ndili ndi zaka zisanu, ndipo nyengo yonseyo sitinalandire kalata ngakhale uthenga wapakamwa. Kwathu ndi kumbali ya Utale. Bambo anali mkamwini wochokera ku Nayuchi, choncho nyumba, munda ndi ine mwana zonse zinali m'manja mwa amayi ndi achimwene awo, amalume a Likaka. Bambo atafika, owonda, jekete likuwalendewera m'mapewa, amalume sanawapirikitse, komanso sanawalandire. Anangoti, "Alamu, bakhalani. Tikakolola tidzakhala pansi tione ngati mukhale kapena mubwerere kwanu." Amayi anawayalira mphasa m'khitchini. Ine ndinkawatchula kuti alendo aja, ndipo amayi sankandidzudzula.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Masamba anapotana, nthaka inang'ambika, ndipo mjigo wa m'mudzi mwathu unayamba kutulutsa matope. Ndinkalawirira kukatunga madzi kumudzi wina, kenako n'kuyamba ulendo wa kusukulu khosi likuwawa. Pakhomo panalibe mkangano, pakuti kukangana kumafuna mphamvu. Aliyense ankangochita zake. Bambo ankapalira m'munda wowumawo, ndipo anamanganso nkhokwe imene tonse tinkadziwa kuti sidzafika n'komwe pakati.

Kusukulu ndinali fomu yachiwiri. Aphunzitsi a Chichewa anali mayi Namaona, munthu wa mawu otsika amene ankayenda ndi choko m'thumba la diresi. Tinkawerenga buku lakale la nthano yaitali, ndipo mabukuwo analipo anayi okha kalasi yonse, zikuto zake zomata ndi phala. Mayi Namaona anatiphunzitsa kuti m'nthano yabwino mulibe chinthu chongokhalamo. Mtsinje ukuimira china, mphika wosweka ukuimira china, mtengambali aliyense wanyamula mfundo. Anzanga zinkawavuta, koma ine ndinali ngati nsomba yoponyedwa m'madzi. Ndinakulira m'tchalitchi, pa benchi yakutsogolo, ndikumva mafanizo a m'Malemba akumasuliridwa Lamulungu lililonse: mbewu ndi ichi, nyale ndi ichi, nkhosa ndi ife. Ndinkaona ngati Mulungu anandipatsa diso lopenya kuseri kwa mawu, ndipo ndinkanyada nalo kwinaku ndikudziyesa wodzichepetsa.

M'bukumo munali mwamuna wina amene anatchona kunja zaka zambiri, n'kubwerera kwawo chimanjamanja. Pobwerapo pa sitima sanatsikire pa siteshoni ya kwawo. Anatsikira pa siteshoni ina ya m'mbuyo, ulendo wotsalawo n'kuuyenda wapansi. Aphunzitsi anatipatsa chimangirizo: tifotokoze kufunika kwa mtengambali ameneyu ndi tanthauzo la kutsikira panjirako. M'manotsi anali atatilembera mawu awiri okha, mantha ndi manyazi. Ine ndinatenga mawu awiriwo n'kumangapo masamba atatu. Sindinalembepo mosavuta chotero. Cholembera chinkangothamanga chokha, chifukwa nkhope ya mwamunayo ndinkaiona tsiku ndi tsiku ikutuluka m'khitchini mwathu.

Loweruka masana amayi anapita kuchigayo. Bambo anakhala pamthunzi wa nkhokwe akusema mpini wa khasu ndi kasemasema. Ine ndinakhala pakhonde ndi kope langa n'kuyamba kuwerenga mokweza, ngati ndikungoyeserera. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinawerenga kuti mwamunayu akuimira anthu onse othawa udindo, kuti ndi chitsime chopanda madzi, kuti kutsikira panjira ndi chizindikiro cha mtima wamantha umene sungathe kuyang'ana tchimo lake kumaso. Kasemasema anasiya kugogoda.

"Mwanangu, tabwereza pamenepo, pa sitimapo," anatero bambo.

Ndinabwereza, mawu aliwonse paokhapaokha.

Anasisita mpiniwo ndi chala. Kenako anati, "Iyayi. Mantha alipo, sindikukana. Koma si chimene anatsikira. Pa siteshoni ya kwawo aliyense akumudziwa. Akangoponda pansi, uthenga umugwera asanaukonzekere. Koma kwa eni atha kufunsa ngati munthu wongodutsa: kodi kwa auje kuli bwanji, nanga kamwana kakakazi kaja kali moyo? Akamva kuti kali moyo, m'pamene miyendo imalimba."

Ndinati, "Zimenezo m'manotsi mulibe."

"Kaya. Ine sukulu ndinalekezera sitandade yachiwiri."

"Ndiye musamalowerere za kusukulu."

Anatola kasemasema n'kupitiriza, ndipo ine ndinawerenga mpaka chiganizo chomaliza, chimene ndinkachinyadira koposa zonse: munthu amene anasiya khomo lake lotsekula asadabwe akalipeza lotseka. Lolemba ndinapereka chimangirizocho. Chinabwerako ndi malikisi oposa a wina aliyense, ndipo mayi Namaona anachiwerenga pamaso pa kalasi yonse.

Tinakolola madengu owerengeka. Patapita sabata amalume anabwera monga ananenera, ndipo tinakhala pabwalo m'mawa, dzuwa lisanawawe. Anayamba ndi amayi.

"Achemwali, nkhani ndi yanu. Alamuwa akhale kapena apite?"

Amayi anayang'ana zikhatho zawo nthawi yaitali. "Ine ndatopa, achimwene. Kudikira ndinatopa nako, kukwiya ndinatopanso nako. Akakhala ndiziwaphikira, akapita ndizigona. Funsani mwanayu, ndiye wakula wopanda bambo."

Amalume anaseka pang'ono. "Chabwino. Iwe wa fomu, amene ukuti umaposa anyamata, tiuze."

Ndikhulupirira kuti ankangofuna kupeputsa nkhani. Ndikanati sindikudziwa, kapena ndikanangolira monga mwana, bambo akanakhala. Zimenezi ndazisinkhasinkha zaka zambiri ndipo sindikayika. Koma ndinali ndi chiganizo chokonzeka kale, chosalala, chimene aphunzitsi anachitama. Ndinachinena chonse osaphonya liwu.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Wanena bwino mwana. Akulankhula ngati m'buku." Anadzuka, nakapinda mphasa ija, naiimika pakona ya khitchini. Potuluka anatsanzika m'Chiyao chakwawo, "Asigale chenene," nalowera njira ya kusiteshoni. Amayi sanadzuke. Amalume anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwera sanandiyang'ane.

Bambo anamwalira ku Nayuchi patatha zaka zitatu. Tinapita kumaliro pa sitima, tinafika ataika kale, monga mwa mwambo wa abale awo achisilamu. Ndinaima pamtumbira wofiira osadziwa choti ndinene, ine amene sindinkasowa mawu.

Buku lija ndinadzaligwiranso ndili mayi wa ana anayi, tikukhala ku Balaka. Mwana wanga woyamba analibwereka kusukulu, ndipo tsiku lina ndikudikira nyemba kuti zipse ndinalitsekula. Ndinapita molunjika pa sitima paja. Zinalipo. Theka la tsamba lokha: mwamunayo atsika, apeza mayi wogulitsa chinangwa chophika, afunsa za mudzi wakwawo ngati mlendo, ndipo atamva kuti ana ake ali moyo akhala pansi m'mbali mwa njanji osatha kuimirira. Tsamba limenelo ndinaliwerenga kangapo ndili mtsikana. Maso anadutsapo, koma popeza sindinapezepo chizindikiro choti ndilembe, ndinaliyesa lopanda ntchito. Nyemba zinapserera tsiku limenelo.

Mayi Namaona sindiwaimba mlandu. Anatiphunzitsa zoona: zizindikiro m'nthano zilimo, ndipo mtengambali amanyamuladi mfundo. Chimene sindinamve, kapena chimene sindinafune kumva, n'chakuti mlembi wabwino amayamba waumba munthu, wa mapazi otupa ndi njala m'mimba, ndipo mfundo imabwera pambuyo. Wothamangira kunena chimene munthu akuimira amakhala atasiya kale kumumvetsera. Ngakhale mafanizo amene ndinkawadziwa pamtima aja, Ambuye sanawanene kuti tizizindikira nawo anansi athu. Anawanena kuti womvayo adzipeze yekha m'menemo, agwidwe mtima, abwerere. Ine ndinatenga luso lopatulikalo n'kulinola ngati mpeni.

Tsopano ndine wamkulu, mawondo amawawa, ndipo ndimatsogolera kuwerenga Mawu kumphakati kwathu. Tikangomaliza ndime, sipalephera wina wofulumira kunena kuti uyu akuimira akuti, ndipo maso ake amakhala akuloza munthu amene wakhala tsidya la mkeka. Sindikalipa, mphamvu zokalipira ndilibe. Ndimangopempha kuti tiwerengenso kachiwiri, pang'onopang'ono, tione kaye kumene munthuyo wachokera ndi chimene wafunsa panjira. Ena amaona ngati ndikuchedwetsa mapemphero.

Tchimo langa ndinaliulula kalekale, ndipo ndimakhulupirira kuti linakhululukidwa. Koma kukhululukidwa sikubweza munthu kunjira ya kusiteshoni, ndipo katundu ameneyu ndidzafika naye kumanda. Chimene ndimapempha ndi chimodzi chokha: kuti pa tsiku langa, Iye amene adzawerenge moyo wanga asadzadumphe tsamba.