Magalasi Amene Ndilibe

Ndiulule. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mlongo wanga Tamara atabwera ndi mafunso a Chingelezi osankha mneni wa nthawi yakale, ndinati, "Bweretsa kuno, iwe." Ndinachonga "goed" ndi "buyed" molimba mtima. Mawa lake anabwera akulira, atalakwa onse.

Ine mtima suchedwa kupsa. Ndinasiya kusenda chinangwa, ulendo kukakalipira aphunzitsi ake, mayi ochokera ku Dedza. Iwo anangondipatsa choko. "Tiwonetseni pabolodi, achimwene."

Ana onse maso pa ine. "Ndaiwala magalasi," ndinatero, ine amene ndimazindikira mwini bwato likadali kutali.

Masiku ano Tamara ndiye amandiphunzitsa, ndipo zikuyenda. Koma aphunzitsi aja tikakumana pa Chintheche amafunsabe, "Achimwene, magalasi aja anapezeka?"