Suti ya Lemuel pa Tsiku la Apilo

Odessa Tibbs wayendetsa basi kuno ku Toledo zaka makumi awiri, ndipo ine mnzake wa kuntchito sindinamuonepo atajomba, kupatula tsiku la apilo ya mlongo wake, Lemuel.

Lemuel ali kundende chifukwa cha mfuti imene apolisi anaipeza pansi pa mpando m'galimoto momwe munali anthu anayi. Katswiri amene analemba kuti pamfutipo panali zidindo za zala za Lemuel sanabwere n'komwe kukhothi kuti adzafunsidwe mafunso. Wapolisi anangowerenga pepala lakelo, basi mlandu n'kuthera pomwepo.

Tsiku la apilo ndinamuperekeza Odessa kukhothi, atanyamula suti yositasita yoti mlongo wakeyo avale.

"Mayi, kuno womangidwa sabwera, ngakhale mboni," loya wa Lemuel anamunong'oneza. "Majaji atatu amangowerenga mapepala n'kumva ife maloya."

Odessa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ndiye kuti chiyani, a loya? Pepala linamumangitsa, lero nayenso mwamusandutsa pepala?"

Sutiyo sanaibweze kugalimoto. Anaikhazika pampando wakutsogolo m'khothimo n'kuiwongola kolala, kuti majaji atatuwo akaweramuka aone kuti pakusowa munthu.