Apongozi tinawalemekeza mpaka kumanda

"Amake Chisomo, kodi n'zoona kuti malemu apongozi anu, ku Lilongwe kuja, anawalowetsa paipi kumbuyo?"

Anandifunsa chonchi ndi Anambewe, oyandikana nawo nyumba kuno kwa Mavwere, Lachiwiri tikuswa mtedza pakhonde. Anafunsa akuseka, koma manja anali atasiya kuswa.

Ndinati n'zoona. Ndi kapaipi kofewa, konenepa ngati chala, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga. Adokotala amaona m'matumbo monse pa kanema. Dzulo lake umamwa mankhwala otsuka m'mimba, patsikulo amakubaya jakisoni kuti usamve kuwawa kwenikweni.

"Mayo ine! Mkulu wa mpingo ngati aTembo aja? Kumeneko ndiye kuwavula ulemu."

Ulemu umenewu ndikuudziwa bwino, awerengi anzanga, chifukwa woyamba kuusunga ndinali ine.

Ine ndine mtengwa, ndipo kusesa kuchimbudzi inali ntchito yanga. Tsiku lina apongozi aamuna atangotulukamo, ndinaona magazi m'mphepete mwa dzenje. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Nanga mtengwa angayambe bwanji nkhani yotere kwa munthu amene akakumana naye panjira amapatuka n'kugwada?

Ndinauza amuna anga. Iwo anati, "Iwe, bambo anga ndikawafunse za kuchimbudzi? Wapenga?" Patapita mwezi anauza amayi awo. Amayiwo anati, "Ndi kamwazi ameneyo, atha yekha," n'kuitanitsa makapisozi kwa mnyamata wa geni amene amaoda katundu ku Chipata. Aliyense anachita mbali yake mwaulemu. Palibe amene anachita mwano.

Apongozi anayamba kuonda. Lamba anamuboola mabowo ena awiri ndi msomali. Titawakakamiza anapita kuchipatala cha pa boma, kumene anawalembera kalata yoti akaunikidwe m'matumbo ku Lilongwe. Atamva mmene amaunikira, kalatayo anaipinda bwinobwino n'kuiika m'buku la nyimbo.

"Kamwana kobadwa dzulo kandisuzumire kumene ine mwini wake sindinadzionepo? Bola ndife ndi ulemu wanga."

Onanitu. Awa ndi bambo amene moyo wawo wonse ankasankha fodya ku esiteti. Tsamba lililonse ankalitembenuza, kulinunkhiza, kuliyang'ana kuseri. Mwana akangoona pamwamba pokha ankamukalipira kuti, "Nkhungu imayambira kumene sukuyang'anako!" Fodya anali ndi mwayi kuposa matumbo awo.

Ife amayi kodi ulemu tilibe? Ndili ndi mimba ya Chisomo ndinkagona pabedi la ku sikelo mwezi ndi mwezi, nthawi zina wondiyeza ali mwamuna, ophunzira unamwino atazungulira ngati pali gule. Palibe amene anati ndavulidwa ulemu. Ankati ndine mayi wosamala. Koma bambo wa zaka makumi asanu akauzidwa kuti avule kamodzi kokha, mudzi wonse umagwira pakamwa.

Masiku ano a matipate pakamwa pathu panatseguka. Pulezidenti timamunena m'minibasi. Za makondomu timamva pa wailesi tili limodzi ndi ana. Ufulu wafika paliponse, kupatula pakhomo la chimbudzi.

Sindikunena kuti magazi onse ndi khansa ya m'matumbo, ayi. Nthawi zambiri si imeneyo. Komanso makina ounikirawo kuno kulibe, ndipo ulendo wa ku Lilongwe si masewera. Koma adokotala amene anadzawaunika apongozi pamapeto pake, atanyamulidwa osathanso kukana, anatiuza mosabisa. Anati nthendayi kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere m'matumbo, kamene akakapeza msanga amakadula ndi kapaipi komweko. Anati munthu akafika zaka za m'ma fifite ndi bwino kuunikidwa ngakhale asakumva kuwawa, nanji akaona magazi. Ya apongozi inali itafika kale kuchiwindi.

Akale anati manyazi anapha lambe. Mwambiwu apongozi ankaudziwa, ankaunena ngakhale paguwa.

Nditamaliza kufotokoza, Anambewe anasendera pafupi. Kuseka kunali kutatha.

"Bambo a kwathu nawonso. Chiyambire nthawi yokolola. Ndimafuna ndiuze alamu anga aakulu kuti mwina iwo..."

"Ayi, Anambewe," ndinawadula. "Alamu anuwo akauza achemwali awo, achemwaliwo akauza amalume, mvula n'kugwa. Auzeni eni ake akangobwera kudimba. Muchite mwano. Mawa ana anu ndikusungirani ine, inu muwaperekeze pa boma."

"Nanga akandikalipira?"

"Wokalipa ndi wamoyo."

Anatola lichero lawo n'kumapita osatsanzika. Kaya akanena, kaya ayi, sindikudziwa.

Chimene ndikudziwa ndi chathu. Kuunikako kunatenga nthawi yochepa kuposa kuphika nyemba. Kuti tifike pamenepo tinataya miyezi khumi ndi isanu: itatu ine ndi amuna anga tili chete, inayi ya makapisozi, isanu ndi itatu kalata ili m'buku la nyimbo. Kenako tinataya aTembo, ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi.